Kusinkhasinkha pa mpweya monga amaphunzitsira Abuda

Siddhartha Gautama, wodziwika kuti Buddha, amene anabadwira ku Lumbini m'dziko limene lero ndi Nepal zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, anaphunzitsa ku Sarnath, m'dziko la India, kuti moyo ndi wodzala ndi kusakhutira, ndipo gwero lake ndi ludzu la mtima lofuna ichi n'kukana icho. Kukhala chete n'kumatsatira mpweya, kumene m'chinenero cha Pali amati anapanasati, kumathandiza kuti ludzulo mulione nokha likamabuka.

Mu Lilongwe muno nthawi yabwino ndi m'bandakucha, maminibasi asanayambe kuliza mahutala. Mutangokhuta nsima musayese, mudzangosinza. Yalani mkeka, pindani bulangeti likwere masentimita 10 mpaka 15, ndipo mukhale m'mphepete mwake kuti mawondo atsike kuposa chiuno. Mukatero msana umawongoka wokha. Amene mawondo amawavuta akhale pampando, mapazi onse ali pansi. Tcherani alamu ya foni kuti ilire pakatha mphindi 10, foniyo muiike patali.

Mpweya musaukoke kapena kuukakamiza. Pezani pamene ukumveka bwino, pamphuno kapena pamimba, mukhazikike pamenepo. Ukatuluka werengani mumtima kuti 1, ukatulukanso 2, mpaka 10, kenako muyambirenso. Buddhaghosa, mphunzitsi amene analemba ali ku Sri Lanka m'zaka za m'ma 400, analangiza kuti kuwerenga kusachepere 5 ndipo kusapitirire 10. Kukachepa maganizo amapanikizika, kukachuluka amatsatira manambala n'kuiwala mpweya. Mukazindikira kuti mwafika pa 17, kapena mukuwerengera ndalama za lendi, bwererani pa 1 osadzikalipira. Oyamba kumene ambiri amasiyira apa, poganiza kuti alephera, chikhalirecho kuzindikira kuti mwasochera n'kubwerera ndiye ntchito yeniyeniyo.

Abuda amatchula zopinga zisanu. Chilakolako cha zokoma, kaya chakudya kaya munthu, chiyang'aneni mpaka chizilale chokha, pakuti chilichonse chobuka chimathanso. Mkwiyo umafewa mukamufunira zabwino munthu amene wakupsetsani mtimayo, ngakhale ndi bwino kuyambira pa munthu amene mumamukonda kale. Kusakhazikika kumachepa mukalimbikira kuwerenga, ndipo kukayika kumafuna kufunsa wodziwa. Chovuta kwambiri ndi tulo, makamaka mu Okutobala kukatentha. Buddha anauza wophunzira wake Moggallana, amene ankasinza, kuti akoke makutu ake onse awiri, asisite manja ndi miyendo, asambe m'maso, ayang'ane nyenyezi, ndipo zikakanika aziyenda uku ndi uku. Kuyendako kumawerengedwanso ngati kusinkhasinkha. Sankhani kanjira ka mapazi 10 mpaka 20 pakhonde, muziyenda pang'onopang'ono mukumva phazi likunyamuka ndi kuponda.

Mukamvera aphunzitsi pa intaneti mupeza kuti malangizo akusiyana, koma zisakusokonezeni. Abuda ali m'magulu angapo. A gulu la Theravada, a ku Sri Lanka, Thailand ndi Myanmar, ena amatsatira mpweya pamphuno, ena pamimba. A Zen ku Japan, omwe ndi nthambi ya gulu la Mahayana, amakhala maso ali otsegula pang'ono. A Vajrayana ku Tibet ndi Bhutan amakhazika maganizo kaye, kenako amaonjezera mawu obwerezabwereza ndi zithunzi za m'maganizo, zomwe zimafuna mphunzitsi. Tengani njira imodzi muigwiritse kwa mwezi wathunthu musanayese ina.

Kwa Abuda kukhala pamkeka kumayendera limodzi ndi malonjezo asanu: kusapha, kusaba, kusachita chiwerewere, kusanama ndi kusaledzera. Chifukwa chake n'chomveka, munthu amene wanamiza mnzake madzulo, m'mawa akakhala pansi bodzalo ndi limene limayamba kumubwerera.

Mphindi 10 zikazolowereka, onjezerani zisanu pa sabata mpaka zifike 30. Dzanzi la m'miyendo limatha mukaimirira, koma ululu wobaya pabondo ndi chizindikiro choti musinthe kakhalidwe msanga. Ngati kutsatira mpweya kukubweretsa mantha kapena kukumbutsa zoopsa zimene munakumana nazo, tsegulani maso, mverani phokoso la panja, ndipo zikapitirira siyani kaye mukaonane ndi dokotala.