Gawani matumba venda asanafike pakhomo

Ine ndimalima ku Balaka, ndipo nandolo wa 2017 ndiye ananditsegula maso. Zaka zam'mbuyo mwake mtengo unali wabwino, tonse m'mudzi tinadzala wambiri. Kenako dziko la India, lomwe limagula nandolo wathu wochuluka, linachepetsa zogula kunja, mtengo n'kugwa. Matumba anga anakhala pakhonde mpaka kufumbwa. Kuchokera apo ndili ndi kachitidwe kanga, ndipo ndi aka.

Mukangotonola chimanga, musanamve n'komwe mtengo, werengani kaye chakudya. Pakhomo panga tilipo 6, timatha thumba limodzi ndi theka la makilogalamu 50 pamwezi, ndiye matumba 18 a chaka chonse sakhudzidwa ngakhale venda alonjeze zotani. Amene amagulitsa mu Meyi ndi yemweyo amakagula chimanga chomwecho mu Januwale pamtengo wokwera, ndalama yake ya katapila.

Koma kusunga kumafuna chimanga chouma. Tengani botolo louma, ikanimo chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wouma pang'ono, tsekani n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere pa mphasa padzuwa. Chikauma, ine ndimathira m'matumba a PICS, aja a mapepala awiri m'kati ndi saka kunja. Finyani mpweya wonse, mangani pepala lililonse palokha, ndipo musamatsegule n'cholinga chongoyang'ana. Anankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala. Thumbalo liikeni pa thandala, lisakhudze khoma, chifukwa khoswe akangoboola ndiye zonse zatha.

Zotsalazo gulitsani pang'onopang'ono: pang'ono pa fizi, zina mu Okutobala pogula feteleza ndi mbewu. Mvetserani pa wailesi mitengo yoyambira imene unduna wa zamalimidwe umalengeza nthawi yokolola ikayandikira. Si mavenda onse amaitsata, komabe mumakhala ndi poyambira kunenerera. Ndipo thumba lanu liyezeni kaye pa sikelo ina musanaliike pa ya wogula.

Mvula nayo ili ndi zake. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda kuchigawo chakummwera, mu 2024 kunabwera ng'amba ya El Niño mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chaka chimenecho chimanga changa chinapserera chisanabereke, tinapulumukira mbatata ya kudimba ndi mbuzi ziwiri zomwe ndinagulitsa. Choncho siyani mizere ya mapira, chinangwa kapena khobwe, ngakhale amuna anu anene kuti mukuwononga munda. Anganso ankatero.

Ndalama ya zokolola ikalowa, gawo lina lipite kubanki m'khonde sabata yomweyo, isanagone m'chitenje. Gulu lathu tinagwirizana kuti tizigawana mu Okutobala osati pa Khirisimasi, kuti ndalamayo ikumane ndi mbewu mvula yoyamba isanagwe.