Momwe Mungasankhire Chowambira Nyama cha Magetsi

Chowambira nyama cha magetsi, chomwe ogulitsa amachitcha electric smoker, ndi kabati yachitsulo yokhala ndi elementi pansi. Elementiyo ikatentha imanyeketsa tizidutswa ta nkhuni m'kathireyi kokhala pamwamba pake, utsi n'kumadutsa pa nyama yoyalidwa pa mashelefu a waya, kenako n'kutulukira pa bowo lakumwamba. Pakati pa elementi ndi nyama pamakhala mbale ya madzi, pansi penipeni ina yolandira mafuta odontha. Basi. Chabwino ndi chachabechabe zimasiyana pa zinthu ziwiri: kusunga kutentha kwa maola ambiri, ndi njira yowonjezera nkhuni. Mabatani owala ndi galasi la pachitseko zisakutengeni mtima.

Yambani ndi kachitsulo kakumbuyo

Musanatsegule n'komwe chitseko, zungulirani kumbuyo muwerenge kachitsulo kolembapo za magetsi. Zowambira zambiri zimapangidwira msika wa ku North America, komwe magetsi a m'nyumba ndi a ma volt 120, pomwe maiko ambiri amayendera 220 mpaka 240. Mukalumikiza cha 120 pa soketi ya 230 podalira kosinthira mano a pulagi kokha, elementi kapena kabokosi kowongolera kutentha kamapsa nthawi yomweyo. Gulani chogwirizana ndi magetsi a nyumba yanu.

Pomwepo palembedwanso ma watt. Zambiri zili pakati pa 800 ndi 1500. Cha ma watt 1500 chimakoka ma amp pafupifupi 6.5 pa ma volt 230, koma 12.5 pa ma volt 120, motero chingwe chowonjezera chikhale chachifupi, chonenepa, choyenera panja, ndiponso chokhala ndi waya wa earth. Chingwe chopyapyala ndi chachitali chimatentha chokha, mphamvu yofika ku elementi n'kuchepa, inu n'kumadabwa kuti chowambira chatsopano chikukanika kufika pomwe mwachitchera.

Ma watt ambiri si umboni wa ubwino. Nthawi zambiri 1500 amaikidwa pa kabati ya khoma limodzi lopyapyala pofuna kubweza kutentha komwe kukutayika. Cha ma watt 800 chokhala ndi makoma ochindikala chingachipose kunja kukazizira.

Yezani shelefu, osati kutalika kwa kabati

Opanga amakonda kutchula mainchesi 30 kapena 40, komwe ndi kutalika kwa kabati, kapena amaphatikiza malo a mashelefu onse kuti nambala ioneke yaikulu. Inu tengani tepi muyeze mulifupi mwa shelefu imodzi. Nthiti za nkhumba zathunthu kapena nyama yathunthu ya pachifuwa cha ng'ombe kawirikawiri sizikwana pa shelefu ya kabati ya mainchesi 30 popanda kuzidula pakati. Kudula si mlandu, koma mudziwiretu. Onaninso ngati mashelefu amasololoka ndi kusunthika, chifukwa nkhuku yathunthu imafuna muchotse shelefu ya pamwamba pake. Ndipo musawerengere kudzaza paliponse: pakati pa nthuli pamafunika mpata wa zala ziwiri kapena zitatu kuti utsi uyende.

Makoma ndi chitseko

Apa ndi pofunika kuchedwapo. Kuwamba kotentha kumachitika pa madigiri 107 mpaka 121 a Celsius, ndipo phewa la nkhumba kapena nyama ya pachifuwa cha ng'ombe imatha maola 10 kapena kuposerapo isanafewe. Kabati yotaya kutentha imatalikitsa nthawi imeneyi, nyama n'kuuma kunja m'kati isanapse.

Gogodani khoma ndi chala. Khoma limodzi limalira ngati chitini chopanda kanthu. La makoma awiri okhala ndi chotchinga kutentha pakati limalira mogonthera. Kenako tsegulani chitseko muone mpira woyenda m'mphepete mwake. Panikizani kapepala pachitseko, mutseke, mukoke. Kakasololoka mosavuta ndiye kuti utsi ndi kutentha zizidzathawira pamenepo. Yesani m'makona onse anayi, makamaka akumwamba. Loko wokoka chitseko ndi kuchithina, yemwe angathe kumangitsidwa mpira ukayamba kuphwa, amaposa wa maginito.

Galasi la pachitseko limakongola m'sitolo mokha. Mukawamba kawiri katatu limada ndi utsi ndi mafuta moti simuonanso kanthu, chikhalirecho limataya kutentha kuposa khoma. Ngati mitundu iwiri ikusiyana pa galasi lokha, tengani yopanda galasi.

Chopotokola kapena cha manambala

Za mtundu wa analog zili ndi kopotokola ngati ka mbaula yamagetsi, kongosonyeza pang'ono, pakatikati ndi kwambiri. Mumayang'ana geji ya pachitseko n'kumasintha nokha, ndipo mphepo ikasintha mumasinthanso. Zilibe zambiri zoti n'kuwonongeka. Za digital mumalemba madigiri ndi maola, thermostat, kachipangizo komva kutentha, n'kumayatsa ndi kuzimitsa elementi yokha. Pa nyama ya maola ambiri, digital ndiye yopepukitsa ntchito, koma kabokosi kake kamadana ndi mvula ndi chinyezi, ndipo kakafa chowambira chonse chaima. Funsani ngati kabokosiko ndi elementi zimagulitsidwa padera komanso ngati zimamasulidwa ndi sikuludiraiva. Elementi imatha ndithu, monga ya ketulo.

Bluetooth ndi Wi-Fi, kaya zilipo kaya palibe, nyama imakoma chimodzimodzi.

Nkhuni zimalowa bwanji?

Kathireyi ka nkhuni kamatenga pafupifupi theka la kapu, ndipo utsi wake umatha pakapita mphindi 30 mpaka 45. Pa maola atatu kapena anayi oyamba, omwe nyama imalandira utsi bwino, mudzawonjezera kangapo. Ngati kuwonjezera kukufuna kutsegula chitseko chachikulu, ulendo uliwonse kutentha kumagwa ndipo elementi yaing'ono imatenga mphindi zingapo kuti ikubwezeretse. N'chifukwa chake mitundu yokhala ndi kachubu kam'mbali, ngati ya digital ya kampani ya Masterbuilt, ili ndi mwayi: mumasolola kachubu, kuthiramo nkhuni, kukankha, kupotoza, nkhuni n'kugwera pa thireyi chitseko chili chitsekere. Ya kampani ya Bradley imachita mwina: ili ndi kabokosi ka utsi pambali komwe kamakankha zokha timabulungwa ta utuchi wopanikiza, kalikonse n'kuyaka mphindi 20. Utsi wake susinthasintha, koma mudzakhala mukugula timabulungwa ta mtundu womwewo.

Pali chinthu china chimene ogulitsa sanena. Nkhuni zimanyeka pokhapokha elementi ikayaka. Kabati yosunga bwino kutentha, pa tsiku lotentha, imafika msanga pomwe mwaitchera, elementi n'kumakhala yozima nthawi yaitali, utsi n'kusiya. Vutoli limakula mukamawamba pa madigiri otsika, monga 80 kapena 90. Yang'anani kuti thireyi yakhala mogundana kapena moyandikana kwambiri ndi elementi. Ena amathana nalo poika m'kati kachubu ka mabowo kodzaza timibulu ta nkhuni, koyatsidwa padera, ndiye onani ngati pansi pali malo ndi mpweya wokwanira kuti kasazime.

Nkhuni zake zikhale za mitengo yolimba kapena yazipatso, monga oak, hickory, apulo ndi cherry, zouma. Kuziviika m'madzi kumangochedwetsa utsi. Paini ndi mitengo ina ya utomoni imawawitsa nyama, ndipo matabwa opakidwa penti kapena mankhwala asayandikire n'komwe.

Bowo la utsi ndi njira ya mafuta

Kumwamba kukhale bowo lotseguka ndi kutsekeka. Powamba lisiyeni lotsegula. Utsi wotsekeredwa umasiya phula lakuda pa nyama, lowawa ndi lochititsa dzanzi pa lilime. Utsi wabwino ndi wopyapyala, wotuwira ngati wabuluu, osati woyera wa tolotolo.

Tsatirani ndi maso njira imene mafuta adzadutse. Mbale yolandirira isololoke chakutsogolo kapena chakumbali, ndipo elementi ikhale ndi chophimba. Mafuta ounjikana pafupi ndi elementi ndiwo amayambitsa moto m'zowambira zotere.

Zomwe sichingakuchitireni

Zambiri za digital zimathera pa madigiri 135. Khungu la nkhuku limafuna kutentha koposa pamenepo kuti likhale lokhukhuta, apo ayi limatuluka longa mpira; mudzafunika kumalizira mu uvuni wotentha kwa mphindi zochepa. Mzere wofiirira umene umaoneka kunsi kwa khungu la nyama yowambidwa pa makala kapena pa nkhuni zoyaka suoneka kwenikweni apa, chifukwa umabwera ndi mipweya ya moto weniweni. Mzerewo ulibe kukoma kwake, koma utsi wa chamagetsi ndi wofatsa kuposa wa nkhuni zoyaka, ndipo amene amafuna utsi wamphamvu aganize kawiri. Ngakhale ndi chamagetsi, n'chapanja basi: nkhuni zonyeka zimatulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide. Chikhale pa simenti, pouma, kutali ndi khoma.

Chiyeseni nthawi yochibweza kusitolo isanathe

Chikafika, tsukani mashelefu ndi mbale, muzibwezeremo, ndipo muchiyatse chopanda nyama pa madigiri apamwamba kwa maola atatu, n'kuthira nkhuni m'mphindi 45 zomaliza. Zimenezi zimawotcha mafuta a kufakitale. Mukatero tcherani pa 110, muike choyezera kutentha chanuchanu cha chingwe pa shelefu yapakati, ndipo muyerekeze ndi zomwe kabati ikunena. Kukwera ndi kutsika ndi madigiri 5 mpaka 10 elementi ikamayaka ndi kuzima n'kwachibadwa. Sunthani choyezeracho pa shelefu iliyonse kuti mudziwe mbali yotentha kwambiri, yomwe kawirikawiri ndi ya pamwamba pa elementi.

Choyezera chomwechi ndicho chidzakuuzani kuti nyama yapsa, osati wotchi: madigiri 74 pakati pa nkhuku, 71 pa nyama yogaya ndi masoseji, 63 pa nthuli zathunthu za ng'ombe kapena nkhumba mutazisiya zipume mphindi zitatu, ndi 90 mpaka 95 pa phewa la nkhumba loti lizinyenyeka ndi foloko. Nthuli yaikulu ikafika cha m'ma 70 n'kuima kwa maola awiri kapena atatu, chowambira sichinawonongeke ayi. Ndi madzi akuuluka pa nyama n'kumaiziziritsa. Ikulungeni mu foyilo, mutseke chitseko, muisiye.