Kawerengedwe ka mamole, kuchokera pa sikelo mpaka pa burette

Sikelo imakuuzani kulemera kwa chinthu, koma zinthu zikamaphatikizana mu reaction sizitsata kulemera. Zimatsata chiwerengero: maatomu awiri a magnesium amatenga molekyulu imodzi ya okosijeni, kaya zikulemera bwanji. Ikweshoni nayo imawerenga tizidutswa tomweto, za magalamu siidziwa. Munthu amene ali ndi sikelo patebulo ndi ikweshoni papepala amafunika cholumikizira ziwirizi, ndipo cholumikiziracho ndi mole. Mafunso a gawo limeneli, ngakhale amene amabwera pa mayeso a MSCE, njira yake ndi imodzi: zimene mwapatsidwa zisandutseni mamole, onani ikweshoni, kenako tulukani m'mamolemo kupita ku chimene mwafunsidwa.

Mole ndi dzina la chiwerengero. Monga thireyi ya mazira imatanthauza mazira 30, mole imatanthauza tizidutswa 6.02 × 10²³, kaya ndi maatomu, mamolekyulu kapena ma ion. Nambala imeneyi anaipatsa dzina la Amedeo Avogadro wa ku Italy, amene mu 1811 ananena kuti mipweya yofanana voliyumu, pa kutentha ndi pressure yofanana, imakhala ndi mamolekyulu ofanana kuchuluka. Ubwino wa nambalayi ndi wakuti mole imodzi ya chinthu imalemera magalamu ofanana ndi nambala ya kulemera kwake ya pa periodic table. Mole imodzi ya kaboni ndi magalamu 12, ya sodium ndi 23, ya calcium ndi 40. Chiwerengero n'chimodzi, kulemera n'kosiyana.

Yambani ndi molar mass

Molar mass ndi kulemera kwa mole imodzi, ndipo mumaipeza pophatikiza kulemera kwa maatomu onse a mu fomyula. Tengani feteleza wa Urea, CO(NH₂)₂. Kaboni ndi 12, okosijeni 16. Nambala 2 ya kunja kwa bulaketi imachulukitsa zonse za m'kati, choncho nayitrojeni ndi 14 × 2 = 28, hayidrojeni ndi 1 × 4 = 4. Zonse pamodzi ndi magalamu 60 pa mole. Mukagawa 28 ndi 60 mupeza 46.7 peresenti, ndipo n'chifukwa chake pathumba la Urea pamalembedwa 46% N. Thumba la makilogalamu 50 lili ndi nayitrojeni wokwana pafupifupi makilogalamu 23.

Bulaketi ndi imene imagwetsa ambiri. Ca(OH)₂ ndi 40 + 2 × 17 = 74. Wopeza 58 wachulukitsa hayidrojeni yekha n'kuiwala okosijeni. Msampha wina ndi madzi a m'makristo: CuSO₄·5H₂O ali ndi magalamu 90 a madzi pa mole iliyonse, ndipo kadontho kali pakatiko sikakutanthauza kuchulukitsa, kakutanthauza kuphatikiza. Onaninso ngati funso likunena za atomu ya okosijeni, O, imene ndi 16, kapena mpweya wa okosijeni, O₂, umene ndi 32.

Mukapeza molar mass, lamulo ndi ili:

mamole = magalamu ÷ molar mass

Ngati mwapatsidwa makilogalamu, asandutseni kaye magalamu. Thumba lija ndi magalamu 50,000, ndipo 50,000 ÷ 60 ndi mamole pafupifupi 833.

Ikweshoni ikhale yolingana musanaikhulupirire

Maatomu satayika ndipo sabadwa mu reaction, amangosintha anzawo ogwirana nawo. Choncho mbali zonse ziwiri za muvi ziyenera kukhala ndi maatomu ofanana a element iliyonse. Mumasintha manambala akuluakulu a kutsogolo kwa fomyula okha. Timanambala ta m'munsi musatikhudze. Mukasintha H₂O kukhala H₂O₂ pofuna kuti okosijeni akwane, mwachotsa madzi n'kuikapo hydrogen peroxide, mankhwala ena osiyaniranatu.

Yambani ndi element imene ikupezeka malo amodzi mbali iliyonse, okosijeni ndi hayidrojeni muwasiye kumapeto. Pa Al + O₂ → Al₂O₃, okosijeni ali awiri kumanzere, atatu kumanja. Nambala yaing'ono imene 2 ndi 3 amalowamo onse ndi 6, ndiye lembani 3O₂ ndi 2Al₂O₃. Apo aluminium kumanja akhala anayi, ndipo yankho ndi 4Al + 3O₂ → 2Al₂O₃. Magulu monga SO₄ kapena NO₃ akawoloka muvi osasweka, awerengeni ngati chinthu chimodzi.

Kuchokera ku magalamu kupita ku magalamu

Mwala wa laimu ukawotchedwa kwambiri, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 900, umasweka motere: CaCO₃ → CaO + CO₂. Tiyerekeze kuti muli ndi magalamu 25 a CaCO₃. Molar mass ndi 40 + 12 + 48 = 100, ndiye mamole ndi 25 ÷ 100 = 0.25. Ikweshoni ikuti mole imodzi imapereka mole imodzi ya CaO ndi imodzi ya CO₂. CaO ndi 56, choncho 0.25 × 56 = magalamu 14. CO₂ ndi 44, choncho magalamu 11. Phatikizani 14 ndi 11: mwabwerera pa 25. Kuphatikiza kotereku kumatenga masekondi ochepa koma kumagwira zolakwika zambiri.

Mukachita zimenezi mu labu, zotsala mu crucible, kambale kowotcheramo, zikalemera kuposa magalamu 14, musaganize kuti mwapeza phindu. Ndiye kuti mwala wina sunapse, ukadali ndi CO₂ wake, kapena munali dothi ndi mchenga zimene moto sungazichotse. Wotchani, ziziritsani, yezani, wotchaninso, mpaka sikelo ipereke nambala imodzimodzi kawiri.

Chitsanzo chimenechi n'chofewa chifukwa zonse ndi 1 kwa 1. Onani ichi: 2Mg + O₂ → 2MgO, ndipo muli ndi magalamu 6 a magnesium. Mamole ndi 6 ÷ 24 = 0.25. Okosijeni wofunika ndi theka la pamenepo, mamole 0.125, amene ndi 0.125 × 32 = magalamu 4. Amene amathamangira kunena kuti magalamu 6 akufuna magalamu 3 chifukwa ikweshoni yati 2 kwa 1, waika magalamu pamalo pa mamole. MgO wotuluka ndi 0.25 × 40 = magalamu 10. Nambala 2 ya kutsogolo kwa MgO musailowetse mu molar mass. Ntchito yake yathera pa kuyerekeza mamole.

Za mpweya n'zachidule. Mole imodzi ya mpweya uliwonse imatenga malo okwana 24 dm³ (malita 24) pa kutentha ndi pressure ya m'chipinda, kapena 22.4 dm³ pa madigiri 0 ndi atmosphere imodzi. Funso limanena loti mugwiritse ntchito iti. CO₂ wa mwala uja ndi 0.25 × 24 = 6 dm³. Lamuloli ndi la mipweya yokha, si la madzi kapena zolimba.

Mphamvu ya solution

Concentration ndi mamole amene ali mu dm³ imodzi ya solution. Dm³ imodzi ndi lita imodzi, kapena 1000 cm³. Botolo lolembedwa 1 M lili ndi mole imodzi pa lita.

mamole = concentration × voliyumu ya mu dm³

Zipangizo za mu labu zimayeza mu cm³, ndiye gawani ndi 1000 nthawi zonse musanachulukitse. Mukapeza kuti kabotolo ka 25 cm³ kali ndi mamole 2.5 a asidi wa 0.1 M, imani kaye: yankho lenileni ndi 0.0025, mwaiwala kugawa.

Mukapatsidwa kuchuluka kwa zinthu zonse ziwiri zophatikizana, funsolo likufuna muone chimene chithe msanga. Ikani magalamu 1.2 a magnesium mu 50 cm³ ya asidi wa HCl wa 1 M. Ikweshoni ndi Mg + 2HCl → MgCl₂ + H₂. Magnesium ndi mamole 0.05, asidi nayenso 0.05. Zikuoneka ngati zakwanirana, koma ayi. Magnesium ameneyu akufuna mamole 0.1 a asidi, ndipo alipo theka lokha. Asidi ndiye atha, ndipo mawerengero onse achokere kwa iye: hayidrojeni ndi mamole 0.025, amene ndi 600 cm³, ndipo magalamu 0.6 a magnesium atsala pansi osasungunuka.

Kukonza standard solution

Iyi ndi solution imene mphamvu yake mukuidziwa ndendende, ndipo titration, njira yopezera mphamvu ya solution ina poithira pang'onopang'ono mpaka ziwirizo zikwanirane, imatsamira pa iyo. Sodium hydroxide sayenera ntchito imeneyi chifukwa amayamwa chinyezi ndi CO₂ za mumpweya muli pakati poyeza, moti nambala ya pa sikelo imangokwera. Gwiritsani ntchito sodium carbonate wouma, Na₂CO₃, wa molar mass 106. Muumitseni mu uvuni, azizirire mu desiccator, chiwiya chotseka choteteza ku chinyezi.

Kuti mupange 250 cm³ ya 0.1 M, mamole ndi 0.1 × 0.25 = 0.025, ndipo magalamu ndi 0.025 × 106 = 2.65. Werengani bwino chizindikiro cha pabotolo. Ngati palembedwa Na₂CO₃·10H₂O, molar mass ndi 286 ndipo mungafunike magalamu 7.15, komanso makristo amenewo amataya madzi ake akakhala pamtetete, choncho sadalirika.

Yezani ufawo, lembani nambala yeniyeni imene sikelo yaonetsa. Ikakhala 2.68, palibe vuto, bola muwerengere concentration kuchokera pa 2.68. Sungunulani mu beaker ndi madzi a distilled pafupifupi 100 cm³, mukutakasa ndi kandodo kagalasi mpaka pasaoneke kambulu. Madzi a pamjigo kapena a pampopi ayi: nthawi zambiri amakhala ndi calcium, amene amagwirana ndi carbonate, solution n'kuchita mbuu, mamole ena n'kuthera pomwepo. Thirani mu volumetric flask ya 250 cm³ kudzera pa fanulo. Tsukuluzani beaker, kandodo ndi fanulo kawiri kapena katatu, madzi otsukuluzirawo alowe mu flask momwemo, chifukwa kadontho kalikonse kotsalira kali ndi mankhwala amene munayeza kale. Onjezani madzi mpaka kutsale pang'ono kufika pamzere, kenako malizani ndi dropper, diso lili molingana ndi mzerewo, mpaka pansi pa meniscus, kupindika kwa pamwamba pa madziwo, pakhudze mzere. Tsekani, tembenuzani flask mozondotsa kakhumi kapena kuposa.

Zindikirani kuti simunathire madzi okwana 250 cm³ pa ufa. Mwapanga solution yonse kukhala 250 cm³, ndipo ziwirizi n'zosiyana. Mukapitirira mzere, musapungule. Zimene mungachotsezo zatenga kale mankhwala, ndiye yambaninso.

Pochepetsa mphamvu ya solution, mamole sasintha, madzi okha ndi amene achuluka, choncho C₁V₁ = C₂V₂ (C ndi concentration, V ndi voliyumu; 1 ndi musanaonjezere madzi, 2 mutaonjezera). Kuti mupeze 250 cm³ ya HCl wa 0.1 M kuchokera ku wa 2 M, tengani 0.1 × 250 ÷ 2 = 12.5 cm³, muonjezere madzi mpaka pamzere. Asidi wamphamvu, makamaka sulphuric acid, amathiridwa pang'onopang'ono m'madzi, osati madzi mu asidi. Kusakanizaku kumatulutsa kutentha kwambiri, ndipo timadzi tochepa togwera pa asidi timawira nthawi yomweyo n'kuthovukira kumaso. Valani magalasi oteteza maso.

Titration

Tsopano mukufuna kudziwa mphamvu ya HCl wosadziwika. Tsukuluzani burette (chubu chagalasi cha mizere, chokhala ndi kampopi kumunsi) ndi asidi yemweyo, pipette (kachubu kotengera voliyumu imodzi ndendende) ndi sodium carbonate uja, koma conical flask ndi madzi a distilled okha. Chifukwa chake n'chakuti madzi otsalira mu burette kapena mu pipette amachepetsa mphamvu ya chimene mukuyeza, pamene madzi a mu flask sasintha mamole amene mwaikamo. Mukatsukuluza flask ndi carbonate, mwaonjezera mamole osawerengedwa.

Dzazani burette, tsegulani pang'ono kuti mpweya wa kunsonga utuluke, chotsani fanulo, lembani poyambira. Thovu la mpweya likatsala kunsonga, limadzatuluka pakati pa ntchito ndipo burette imaonetsa asidi wambiri kuposa amene walowadi mu flask. Tengani 25.0 cm³ ya carbonate ndi pipette, pogwiritsa ntchito filler osati pakamwa. Kadontho kotsala kunsonga kwa pipette musakauzire, anakawerengera kale popanga chipangizocho. Ikani madontho awiri kapena atatu a methyl orange, mankhwala amene amasintha mtundu asidi akakwanira, flask ikhale pa pepala loyera. Thirani asidi mukuzunguza flask, ndipo mtundu ukayamba kuchedwa kubwerera ku chikasu, pitani dontho limodzilimodzi mpaka usanduke wa olenji. Ukafika pofiira ndiye kuti mwapitirira.

Phenolphthalein pano angakusokeretseni. Amataya mtundu carbonate atangosanduka NaHCO₃, pamene asidi amene walowa ndi theka chabe la wofunika.

Ulendo woyamba ndi wongofufuzira, suwerengedwa. Tinene kuti mwapeza 24.60, kenako 24.10, 24.00 ndi 24.05 cm³. Atatu omalizawa sakusiyana kuposa 0.10, ndiye avereji yawo ndi 24.05 cm³. Ikweshoni ndi Na₂CO₃ + 2HCl → 2NaCl + H₂O + CO₂. Mamole a carbonate ndi 0.1 × 0.025 = 0.0025. Asidi ndi kawiri kake, 0.005. Concentration ndi 0.005 ÷ 0.02405 = 0.208 M. Wogwiritsa ntchito C₁V₁ = C₂V₂ pano apeza 0.104, theka la yankho, chifukwa lamulo lija silidziwa za 1 kwa 2 wa mu ikweshoni. Akafuna yankho mu magalamu pa dm³, chulukitsani ndi molar mass ya HCl, 36.5, mupeza 7.59. Manambala a pakati asungeni athunthu mu kakyuleta, mudule pa yankho lomaliza lokha, ndipo mulembe mayunitsi ake.