Kuyeza mabulosi ndi kapu pamene sikelo palibe

Keke yanga yoyamba ya ma raspberry, timabulosi tofiira tofewa, inatuluka mu uvuni itapsa bwino m'mbali, koma pakati pali madzimadzi ngati matope. Kaphikidwe kake kankafuna magalamu 250. Sikelo ndinalibe, ndiye ndinatunga makapu awiri, zomwe zinali zolondola ndithu. Cholakwa changa chinali chimodzi: ndinkatsendereza zipatsozo ndi supuni kuti kapu idzaze bwino, mpaka madzi ofiira ankatsikira m'zala. Ndinathira zipatso zochuluka kwambiri kuposa zimene ufa ukanatha kunyamula.

Kapu imayeza malo, siyeza kulemera. Pakati pa bulosi ndi bulosi pamatsala mpweya, ndipo mpweyawo nawo umakhala m'kapumo. N'chifukwa chake mtundu uliwonse wa mabulosi uli ndi nambala yakeyake. Pa kapu ya mamililita 237, yomwe ndi ya ku America, ma blueberry amalemera magalamu pafupifupi 148, ma blackberry 144, mabulosi a mulberry 140. Ma raspberry ndi opepuka, 123 basi, popeza ali ndi mphako m'kati. Ma cranberry athunthu amangofika 100.

Masamu ake ndi osavuta. Tengani magalamu amene akufunika, muwagawe ndi nambala ya chipatsocho. Magalamu 300 a ma blueberry ndi makapu awiri. Mukapeza polembedwa paundi imodzi, dziwani kuti ndi magalamu 454, omwe ndi makapu atatu a ma blueberry omwewo. Ngati kapu yanu ndi ya mamililita 250, imanyamula zoposerapo pang'ono, magalamu ngati 8 pa kapu ya ma blueberry, choncho musaidzaze mpaka kumlomo.

Koma pa sitiroberi ndi pamene ndimapempha anthu kuti awerenge mofatsa. Kapu ya sitiroberi wathunthu ndi magalamu 144. Mukamudula pakati, 152. Mukamudula tizidutswa topyapyala, 166. Mukamupera n'kukhala wamadzimadzi, kapu yomweyo imafika 232. Chipatso n'chimodzi, kapu n'jomweyo, koma mpeni wathamangitsa mpweya uja. Ndiye muyambe mwachotsa masamba ndi kamtima koyera kolimba kaja, mudule mmene kaphikidweko kakunenera, kenako muyeze. Magalamu 500 a sitiroberi wodula mopyapyala ndi makapu atatu, pamene wathunthu amakwana makapu atatu ndi theka. Sitiroberi wamkuluwamkulu ine sindimuyeza wathunthu n'komwe, chifukwa asanu okha amadzaza kapu, kusiya mipata yoti chala n'kulowa.

Pothira, thirani mopepuka, gwedezani kapu kamodzi kokha kuti zipatso zikhazikike, ndipo pamwamba pakhale posalala, osati mulu. Mukatsuka, ziyaleni pakansalu ziume kaye.

Zochokera mufiriji muziyeze zidakali zouma gwa. Zikasungunuka zimafota n'kutaya madzi, ndipo mukhoza kuthira kapu ndi theka mukuganiza kuti ndi imodzi.

Pa keke ndi mamafini (timakeke ting'onoting'ono), kuphonya ndi magalamu 10 kapena 15 sikuwononga kanthu. Jamu yekha ndi amene sindimuphika ndi kapu, chifukwa kulimba kwake ndiponso kusungika kwake kumadalira kuti shuga alingane ndi kulemera kwa zipatso. Pamenepo ndimayeza zonse ziwiri pasikelo, yomwe ndinagula itangondikanika keke ija.