Kuzizira kwa mphepo: mmene mungawerengere nambala ija komanso thupi lanu

Mwina munaonapo pa foni kuti kunja kuli madigiri 5 koma pansi pake alembanso kuti mumva ngati 0. Foniyo sinasokonekere ayi, nambala yachiwiriyo ndi imene amati wind chill, ndipo ngati mumadzuka m'mamawa, kukwera njinga yamoto kapena kugwira ntchito panja, muziyamba kuyang'ana imeneyo.

Zimene zimachitika pakhungupo ndi izi. Mkati mwa thupi mumakhala madigiri pafupifupi 37, khungu limakhala cha m'ma 33, nde thupi limatenthetsa kampweya kamene kagundana ndi khungu, kamakhala ngati kabulangete kosaoneka. Kukakhala bata kamakhala pomwepo. Mphepo ikangobwera imakachotsa, thupi n'kutenthetsa kena, mphepo n'kuchotsanso, basi choncho choncho kutentha kukungotuluka. Yesani nokha, nyowetsani kuseri kwa dzanja limodzi, linalo mulisiye louma, muime kutsogolo kwa fani. Onse awiri azizira koma lonyowalo mulimva kulasa msanga, chifukwa madzi akamauma amatenganso kutentha kwa khungu. Pankhope, makutu ndi nsonga ya mphuno ndi pamene pamayamba, poyamba kumangobaya ngati tisingano, kenako kumawawa ngati wapsa, kenako dzanzi.

Koma gwirani mfundo iyi chifukwa ambiri amaiphonya: mphepo singaziziritse chinthu kupitirira mmene mpweyawo wazizirira. Kunja kukakhala madigiri 5, madzi a mu ndowa sangaundane olo mphepo iwombe usiku wonse. Nambala ya wind chill ikungokuuzani liwiro limene khungu losavala likutayira kutentha.

Nkhaniyi inayambira ku Antarctica, kumene asayansi awiri, Paul Siple ndi Charles Passel, ankapachika timabotolo ta pulasitiki ta madzi pamphepo n'kumawerenga nthawi imene madziwo atenge kuti aundane, ndipo anasindikiza zotsatira zake mu 1945. Vuto lake botolo si munthu, lilibe magazi. Nde mu 2001 a zanyengo aku America ndi Canada anakonza kawerengedwe katsopano, anayesa pa anthu 12 ku Toronto, amuna 6 akazi 6, akuyenda m'chipinda chowomba mphepo yozizira atawamata tizipangizo toyezera kumaso. Kawerengedwe kameneka kamagwira ntchito kukazizira madigiri 10 kutsika pansi, mphepo ikapitirira makilomita 4.8 pa ola, ndipo sikawerengera dzuwa kapena zovala zonyowa.

Manambala ochepa oti musunge m'mutu. Pa madigiri 5, mphepo ya makilomita 10 pa ola imamveka ngati 3, ya 30 imamveka ngati 0, ya 60 ngati -2. Mwaona? Kamphepo koyambirira ndi kamene kamaba kwambiri, ikamakula kusiyana kumachepa, choncho musamadikire chimphepo kuti muvale jekete. Ndipo liwiro lanu nalo ndi mphepo, munthu wa pa njinga yamoto akuthamanga 60 kunja kuli bata pa madigiri 10, nkhope yake ikumva ngati 5. Kumaiko ozizira kwambiri, -20 ndi mphepo ya 30 zimafika cha pa -33, ndipo a zanyengo ku Canada amachenjeza kuti wind chill ikakhala pakati pa -28 ndi -39 khungu losavala likhoza kuundana pakati pa mphindi 10 ndi 30.

Tsopano kavalidwe, apa ndi pamene ndimaona anthu akulakwitsa kwambiri. Amavala chijuzi chimodzi chokhuthala choluka n'kumadabwa kuti bwanji akuzizidwabe, chonsecho mphepo ikungodutsa m'timabowo ta ulusi ngati palibe kanthu. Valani mosanjikiza. Chamkati chikhale chosasunga thukuta, chapakati chikhale cha ubweya kapena chofutumuka chosunga mpweya, chakunja chikhale chotchinga mphepo, olo chikhale chopyapyala ngati jekete ya mvula bola mphepo isalowe. Tsekani m'khosi, m'mikono ndi m'chiuno chifukwa mpweya wotentha umathawira mmenemo. Makutu, mphuno ndi zala muziphimbe, ndipo magolovesi osagawa zala amafunditsa kuposa ogawa chifukwa zala zimafunditsana. Sokosi ndi nsapato zisathine, zikathina magazi sayenda bwino ndipo mapazi azizira olo mutavala sokosi zitatu.

Za kunyowa musazitenge mopepuka. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya pafupifupi ka 25, ndipo malaya a thonje akamwa thukuta amangomatirira pathupi osauma. Mukamayenda mwachangu kapena kunyamula katundu, masulani zipi musanayambe kutuluka thukuta, mukaima tsekaninso. Munthu akhoza kudwala nako kuzizira pa madigiri 5 kapena 8 ngati wanyowa ndipo kuli mphepo, sizifuna kuti kugwe chipale. Mukamadikira, imani kuseri kwa khoma, mphepo muipatse msana, ndipo musakhale pa simenti kapena pa chitsulo popanda choyala.

Nanga bwanji anthu awiri aima pamodzi, wina ali phee ndi malaya okha wina mano akugundana? Si ulesi kapena kufooka, matupi ndi osiyana. Minofu ndiyo imapanga kutentha kochuluka, mafuta apansi pa khungu amakusunga mkati, choncho munthu wochepa thupi komanso wa minofu yochepa amazizidwa msanga. Thupi likamva kuzizira limafinya timitsempha ta magazi ta pakhungu kuti lisunge kutentha ku mtima ndi ubongo, ndipo mwa anthu ena, makamaka akazi ambiri, zimenezi zimachitika mwamphamvu moti manja amakhala ozizira mkati muli bwinobwino. Pakhungu palinso timasensa ta kuzizira, kena kake amakatchula TRPM8, ndi komweko kamene menthol amakanyenga mpaka mkamwa kumamveka kozizira mukatsuka mano. David Julius ndi Ardem Patapoutian, amene anapeza kasensa kameneka aliyense payekha, analandira mphoto ya Nobel mu 2021.

Kuzolowera nako kulipo. Madigiri 10 omwewo amawawa kwambiri kumayambiriro kwa nyengo yozizira kusiyana ndi kumapeto, chifukwa thupi limasiya kudzidzimuka. Mukasamukira kumalo kozizira dzipatseni masabata angapo, muzituluka pang'onopang'ono. Koma kuzolowera sikutanthauza kuti khungu lanu silingaundane, kumangochepetsa kuwawako, nde odzitama kuti ine sindimva kuzizira ndi amene ndimawadera nkhawa kwambiri.

Ana ndi okalamba musawayeze ndi thupi lanu. Khanda limataya kutentha msanga chifukwa khungu lake ndi lalikulu poyerekeza ndi kathupi kake, mutu wakenso ndi waukulu, ndipo silitha kunjenjemera mokwanira ngati wamkulu. Kuti mudziwe ngati lazizidwa, likhudzeni pachifuwa kapena kumsana, osati m'manja mokha, ndipo livekeni chipewa. Agogo nawo nthawi zina samva n'komwe kuti azizidwa. Ndipo ngati inuyo mwayamba kuzizidwa kuposa kale popanda chifukwa, mukutopa, kapena zala zikumasanduka zoyera kenako zabuluu, kayezetseni, chifukwa kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, shuga ndi matenda a Raynaud zimachita zimenezo.

Mowa abale ndi wonama. Umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kwa mkati kukuthawa, ukaphatikiza ndi kugona panja ndi mmene ambiri amafera. Fodya amachita zosiyana, amafinya mitsempha, zala n'kuvutika.

Muziyang'ana zizindikiro ziwiri. Chigamba cha khungu chikayera kapena kutuwa, chauma ndipo chachita dzanzi, lowani m'nyumba, chifunditseni ndi dzanja lofunda kapena ikani zala m'khwapa, kapena m'madzi ofunda a madigiri 37 mpaka 39, oti chigongono chikhoza kupirira bwinobwino. Osatikita, osayandikiza pamoto kapena pa hita, pamene pali dzanzi mupsa osadziwa. Pakatuluka matuza kapena dzanzi likapanda kutha, pitani kuchipatala.

China ndi choopsa kwambiri, kutentha kwa mkati kukatsika pansi pa 35. Munthu amanjenjemera kwambiri, amalephera kumanga batani, amalankhula ngati waledzera, akudzandira, akufuna kungogona, ndipo akasiya kunjenjemera asanafunde dziwani kuti zafika poipa. Muchotseni pamphepo, munyamuleni mosamala osamugwedeza, muvuleni zonyowa, mufunditseni kuyambira pachifuwa, m'khosi ndi kumutu, muyalireni kanthu pansi. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino mupatseni chakumwa chofunda chotsekemera, ngati akuwodzera kwambiri musamumwetse kanthu, itanani ambulansi kapena thamangirani naye kuchipatala ali wofunditsidwa.