Momwe mungakonzere ndondomeko yoyeretsera ofesi mu Lusaka

Amene amagwira ntchito m'maofesi a ku Cairo Road kapena Cha Cha Cha Road akudziwa mmene zimakhalira mu Seputembala. Mwapukuta tebulo m'mawa, pofika masana mukhoza kulembapo dzina lanu ndi chala. Mvula ikayamba mu Novembala fumbi limachoka, m'malo mwake mumabwera matope a pansapato za anthu amene atsika minibasi ku Millennium kapena ku Kulima Tower.

Ofesi ina imene ndinagwirako ntchito kufupi ndi Kamwala inali yaukhondo ndithu, ndipo tonse tinkaona ngati zimangochitika zokha. Kenako amayi amene ankatiyeretsera anapita kumaliro ku Chipata sabata yathunthu. Pofika Lachitatu mabini anali atasefukira, makapu a tiyi atamera nkhungu musinki, ndipo palibe ankadziwa kumene kunali kiyi wa kachipinda kosungiramo tsache ndi ndowa. Ntchito yonse inali m'mutu mwa munthu mmodzi. Zinandichititsa manyazi, ndipo n'chifukwa chake ndimati ndondomeko ilembedwe papepala.

Yambani ndi kuyendera ofesi yonse

Tengani kope ndi cholembera, muyende chipinda ndi chipinda limodzi ndi woyeretsa wanu. Muwafunse: "Amayi, ndi pati pamene pamakuvutani kwambiri?" Iwo ndi amene amadziwa kuti mphemvu zimabisala kuseri kwa filiji, ndiponso kuti pompi ya kuchimbudzi cha abambo imadontha. Lembani chilichonse chimene manja ambiri amagwira: zogwirira zitseko, maswichi, foni ya polandirira alendo, mabatani a makina okopera mapepala, ketulo, pompi. Zimenezi zimaoneka zoyera ndi maso, koma matenda amadutsa pomwepo.

Gawani ntchito patatu

Za tsiku ndi tsiku ndi kusesa, kukolopa, kutaya zinyalala, kupukuta zogwiridwa zija ndi kutsuka zimbudzi. Ofesi imene imalandira makasitomala ambiri, chimbudzi chitsukidwe kawiri, m'mawa ndi pambuyo pa nkhomaliro. Kusesa kuchitike anthu asanafike. Kusesa anthu ali pamadesiki ndi kungowapumitsa fumbi, ndipo limakagweranso pamakompyuta. M'miyezi ya mphepo, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pukutani ndi nsanza yonyowa pang'ono, chifukwa youma imangosamutsa fumbilo.

Za pasabata ndi mawindo amkati, pansi pa madesiki, mipando, ndi filiji. Filijiyo ikhale ya Lachisanu masana: chakudya chilichonse chotsala, kaya ndi nsima ndi kapenta ya abwana, chituluke. Pansi ngati ndi pasimenti, tsiku lomwelo mupake polishi wa Cobra.

Za pamwezi ndi zolemera: kusuntha makabati, kuchotsa ulusi wa akangaude kudenga, kuchapa makatani, kupukuta mafani ndi zosefera za makina oziziritsa mpweya. Kuyambira mu 2018 boma lakhala likulimbikitsa kuyeretsa Loweruka lomaliza la mwezi pansi pa kampeni ya Keep Zambia Clean, Green and Healthy. Tsikuli ndi losavuta kukumbukira, ndiye mukhoza kuikapo ntchito zazikuluzi, kuphatikizapo ngalande ya kutsogolo kwa ofesi.

Samalani pa nkhani ya mankhwala

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Tonse tikukumbukira kolera imene inabuka mu Okutobala 2023, mpaka mu Januwale 2024 bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Kolera imalowera pakamwa, kudzera m'madzi, m'chakudya ndi m'manja osasamba. Ofesi ya anthu 20 ogwiritsa chimbudzi chimodzi ndi khitchini imodzi siyenera kutengera zimenezi mwachibwana.

Jik si sopo. Ntchito yake ndi kupha tizilombo, ndipo mphamvu yake imachepa akakumana ndi litsiro. Choncho yambani mwatsuka ndi sopo ndi madzi, kenako mupukute ndi madzi a Jik, muwasiye kanthawi pamalopo asanaume. Onani pabotolo: ngati palembedwa 3.5%, thirani mamililita 300 m'ndowa ya malita 10, ndipo mupeza mlingo wa 0.1% umene umagwiritsidwa ntchito popukuta matebulo, zitseko ndi mapompi. Sungunulani atsopano tsiku lililonse, a dzulo amakhala atasukuluka.

Musasakanize Jik ndi Harpic kapena mankhwala ena alionse a m'chimbudzi. Ena amatero poganiza kuti ziyera kwambiri, koma pamatuluka mpweya wa klorini umene umawotcha maso ndi m'chifuwa, makamaka m'kachimbudzi kopanda windo. Woyeretsa wanu mum'gulire magolovesi olimba, ndipo akang'ambika musadikire kuti achite kupempha kawiri.

Nsanza ndi zikolopa zikhale zosiyana mitundu. Yofiira ya kuchimbudzi basi, yobiriwira ya kukhitchini, yabuluu ya pamadesiki. Ndinaonapo ndi maso anga nsanza imodzi ikuchoka pasinki ya kuchimbudzi n'kukapukuta thireyi ya makapu a alendo. Sanali dala, nsanza inalipo imodzi yokhayo, ndipo amene ankagula zinthu sankafuna kumva zogula ina.

Konzekerani tsiku lopanda madzi kapena magetsi

Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku, ndipo maofesi odalira mjigo wa pampu yamagetsi ankasowanso madzi. Khalani ndi dramu yovundikira yodzaza nthawi zonse, yothira kuchimbudzi ndi kukolopera, ndi ndowa ya pompi yosambira m'manja pamodzi ndi sopo. Madzi a m'dramu asinthidwe sabata iliyonse kuti udzudzu usaswanemo. Makina oyamwa fumbi pakapeti ndi abwino, koma tsache lolimba likhalepo.

Zinyalala zikhale ndi kopita

Musawotche mapepala kuseri kwa ofesi, ndipo musapatse wa wilibala amene akakhuthule mungalande. Ngalande zotsekeka ndi zimene zimadzaza madzi m'tauni ndi ku Kanyama mvula ikagwa. Funsani ku Lusaka City Council kampani yololedwa kutenga zinyalala m'dera lanu, imene imakataya kumtaya wa ku Chunga, mulembe masiku amene galimoto yake imabwera. Bini ya kukhitchini ikhale ya chivundikiro ndipo isagone ndi zakudya, apo ayi mwaitana makoswe.

Lembani mayina, mupachike pepala

Tsopano jambulani mizere inayi: ntchito, tsiku, wochita, ndi posainira. Pa "wochita" pasakhale dzina la woyeretsa lokha. Aliyense atsuke kapu yake ndi kuchotsa mapepala patebulo lake poweruka, chifukwa amayi aja sangadziwe kuti pepala ili ndi lofunika kapena lotaya. Pasankhidwe munthu mmodzi woona sopo, tishu ndi Jik Lolemba lililonse, ndipo ndalama yake ikhale mubajeti ya mwezi. Palembedwenso amene adzagwirizire woyeretsa akadwala kapena akapita patchuthi, ndi kumene kiyi wachiwiri amakhala.

Pepalalo lipachikidwe kukhitchini, pafupi ndi ketulo, pamene aliyense amaima m'mawa. Pakatha mwezi khalani pansi mphindi 15 muone zimene sizinasainidwe. Ngati ntchito ina ikudumphidwa kawirikawiri, funsani chifukwa musanakalipe: mwina nthawi ndi yochepa, mwina chipangizo palibe. Kumapeto kwa Okutobala onjezerani chopondera chachikulu pakhomo ndi ndowa yoikamo maambulera, ndipo kukolopa pakhomopo kukhale kawiri patsiku mpaka mvula itatha mu Epulo.