Mmene mungawerengere mtunda wa pandege kuchoka ku Lilongwe kupita ku London

Mukafunsa pa intaneti kuti kuchoka ku Lilongwe kukafika ku London ndi mtunda wautali bwanji, mupeza makilomita pafupifupi 8,000. Nambalayi ndi yoona, koma si mtunda umene mudzauluke, chifukwa palibe ndege yonyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi n'kukatera ku London osasintha. Musanalipire tikiti, werengani motere.

Choyamba, dziwani zilembo zitatu za bwalo lililonse. La Kamuzu ndi LLW, la Bole ku Addis Ababa ndi ADD, la Jomo Kenyatta ku Nairobi ndi NBO, la OR Tambo ku Johannesburg ndi JNB, ndipo la Heathrow ku London ndi LHR. Zilembozi n'zimene zimalembedwa pa kapepala komata pa chikwama chanu.

Kenako tsegulani tsamba la Great Circle Mapper n'kulemba njira yonse, mwachitsanzo LLW-ADD-LHR. Likupatsani mtunda wa chigawo chilichonse. Onetsetsani ngati nambalazo zili m'makilomita kapena m'mamailosi. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6.

Apa ndiye pagona nkhani: yerekezani njira zitatu. Kudzera ku Nairobi ndi makilomita pafupifupi 1,400 kuphatikiza 6,800, onse pamodzi 8,200. Kudzera ku Addis Ababa ndi 2,600 kuphatikiza 5,900, kukwana 8,500. Koma mukadzera ku Joni mumayamba mwabwerera kum'mwera makilomita 1,500, kenako n'kuuluka ena oposa 9,000 kulowera kumpoto. Ulendo wapitirira 10,500. Ine ndimamva chisoni ndikaona munthu wachikulire, wopita kukaona zidzukulu, atamugulira njira imeneyi chifukwa choti mtengo unatsikako pang'ono. Maola owonjezerawo adzawamva ndi miyendo yake, atapanikizika pampando.

Mtunda mwaupeza, tsopano usandutseni maola. Ndege zikuluzikulu zimayenda pafupifupi makilomita 850 pa ola. Gawani 8,500 ndi 850, mupeza maola 10. Onjezanipo theka la ola pa chigawo chilichonse, la ponyamuka ndi potera.

Musaiwale maola odikira ndege yachiwiri. Amenewa mapu sasonyeza, muwapeza pa tikiti pokha, ndipo nthawi zina amaposa aulendo weniweniwo. Onaninso ngati ndegeyo ikuima kaye mumzinda wina kukatenga anthu.

Pomaliza, samalani ndi wotchi. Nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za kumalo kumene ndege ikunyamukira kapena kutera. Addis Ababa ndi Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. London ili m'mbuyo ndi maola 2 kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndipo ndi ola limodzi miyezi yotsalayo. Choncho pouza abale a ku Area 25 nthawi imene mudzawaimbire foni mutafika, onjezani maolawo pa nthawi ya ku London, kuti asayambe kuda nkhawa ndege ikadali m'mwamba.